Kufunafuna ntchito uli ndi ulumali

Ine ndimayendera ndodo chidwalireni poliyo ndili mwana, ndipo ntchito ndayisaka mpaka mphira za ndodo kuperepeseka. Mverani zomwe zinandithandiza.

Yambani ndi luso la manja. Kumudzi ntchito yopezeka ndi ganyu wa khasu, pomwe zolembedwa zinaunjikana ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Musathamangire m'tauni chimanjamanja. Pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC, mukafunse za maphunziro a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Ine ndinasankha utelala, ndipo makina anga amanja ndiwo amandidyetsa ntchito ikasowa. FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, nayonso muidziwe.

Akakuitanani ku intaviyu, imbani foni lisanafike tsikulo, mufunse kuti chipindacho chili pati. Kampani ina inandiitanira pamwamba, masitepe okhaokha. Ndinafika thukuta lili kamukamu, mawu osatuluka, ntchito n'kupita. Pempho loti atsike pansi si lochititsa manyazi: malamulo a dziko lino analetsa kale kusala aulumali pantchito.

M'kalata ulumali wanu utchuleni mwachidule, kenaka fotokozani zomwe mumatha. Nyamulani chooneka. Ine ndimatenga malaya awiri osoka ndekha, awagwire, aone msoko wake.