Kujambula maluwa ndi mbalame m'nyengo yozizira ku Lilongwe

Mu June ndi July dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo nkhungu ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi sichedwa kubalalika. Mukafika 8 koloko mupeza kutayera kale. Lawirirani ndithu.

Nkhungu imapusitsa kamera. Ikaona kuyera paliponse imachepetsa kuwala, chithunzi n'kutuluka chotuwa ngati phulusa. Kwezani exposure, kutanthauza kuchuluka kwa kuwala kumene kamera ikulola, pa +1. Pa foni dinani pomwe pali duwa, mukokere m'mwamba pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kaonekere pamenepo.

Maluwa a aloe amamasula nthawi imeneyi, ndipo timbalame ta milomo yaitali yokhota timabwera kudzayamwa timadzi take. Musatithamangire ayi. Sankhani tsinde limodzi, khalani chete pamtunda wa mamita atatu kapena anayi, ndipo tidzabwera tokha. Ikani shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) pa 1/1000 ya sekondi kapena mofulumira kuposa apo, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) pa 800, chifukwa pa 1/250 mapiko amangooneka ngati utsi. Dzuwa likakhala kuseri kwa duwa, dontho lililonse la mame pansonga ya munga limanyezimira, ndipo apa ndi pamene pali kukoma kwa nyengo ino.

Mame omwewo amachititsa khungu galasi la kamera. Pukutani ndi kansalu kofewa, osati juzi, poti fumbi la pa juzi limakanda galasi.

Pofika August utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba mapiri a Dzalanyama, choncho zakutali jambuliranitu mu June ndi July. Maluwa a mitengo ya jacaranda dikirani kumapeto kwa September.