Yezani netiweki musanapachike rauta

Kuno ku Senga Bay ndinasiya kudalira timizere ta netiweki tapakona pa foni. Ndimayeza ndi manambala. Pa Android lowani mu Settings, About phone, kenako SIM status, muona mphamvu ya netiweki mu muyeso wotchedwa dBm: nambala ikamayandikira ziro, netiweki ndi yamphamvu. Pa 4G, -80 ndi yamphamvu, -100 ndi yapakatikati, ikafika -115 ndi yofooka ndipo kanema amatha kuvuta kuyenda.

Imani malo amodzi mphindi yathunthu, chifukwa nambalayi imasinthasintha, ndipo mulembe mu kope. Yesani pakhonde, pawindo, kuchipinda. Ine ndinapeza -108 pabalaza, pansi pa malata, koma -92 pawindo loyang'ana kumsewu. Rauta, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba, ndinaipachika pomwepo.

Madzulo yesaninso liwiro. Anthu akachuluka pa nsanja imodzi ya netiweki, intaneti imachedwa ngakhale nambala ili bwino.