Mmene mungatsimikizire kuti mwaonadi Northern Lapwing yosochera ku North America

Kwawo kwa mbalameyi, yomwe akatswiri amaitcha Vanellus vanellus, ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Imawoloka nyanja ya Atlantic mwa apo ndi apo, ndipo chimaisocheretsa ndi nyengo. Chisanu chikaumitsa nthaka gwa, mbalamezi zimalephera kutola nyongolotsi, n'kuthawira chakumadzulo monga ku Ireland. Mphepo yamkuntho yochokera kum'mawa ikazipeza zili m'mwamba, zimapitirira mpaka tsidya lina. Mu Disembala 1927 zinatera zambirimbiri ku Newfoundland, chilumba cha kum'mawa kwa Canada, ndipo imodzi inapezeka ndi mphete ya kumwendo yomwe inavekedwa ku Cumberland ku England. Zinachitikanso mu Januwale 1966.

Choncho kuyambira Novembala mpaka Febuluwale muzitsatira malipoti a zanyengo a ku Ulaya. Mukapita kukaisaka, musakakamire m'mphepete mwa nyanja. Imakonda minda yolimidwa kumene ndi mabusa a udzu waufupi.

Mukaiona, imani patali ndi choonera patali chanu. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 30. Yambani ndi mutu: ili ndi tsumba lalitali, lowonda, lopindikira m'mwamba. Msana ndi wobiriwira monyezimira, koma kukachita mitambo umaoneka wakuda, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Pachifuwa pali lamba mmodzi wakuda wotambalala, mimba ndi yoyera mbee, ndipo kunsi kwa mchira kuli nthenga zofiirira ngati njerwa. M'nyengo yozizira pakhosi pamayera, ndipo zazing'ono tsumba lake limakhala lalifupi, ndiye musaikane chifukwa cha zimenezo.

Ikauluka m'pamene kukayika kumathera. Mapiko ake ndi otambalala, obulungira kunsonga, ndipo imakupiza pang'onopang'ono, kuda ndi kuyera kukusinthanasinthana. Musaisokoneze ndi Killdeer, mbalame ya ku North America yomwe imapezeka m'minda yomweyo: iyo ndi yocheperapo, ilibe tsumba, malamba ake ndi awiri, mapiko ndi osongoka. Southern Lapwing ya ku South America ili nalo tsumba, koma ndi yotuwa, ya diso lofiira.

Chonde musaiulutse dala kuti mujambule. Mbalame yoti yawoloka nyanja imakhala yofooka, ndipo ikathawa mwina palibe adzaionenso. Jambulani ili pansi, cham'mbali ndi chakumbuyo, miyendo ioneke kuti mudziwe ngati ili ndi mphete. Lembani pomwepo tsiku, nthawi, malo enieni ndi zomwe mwaona, musanatsegule buku la mbalame, chifukwa zithunzi za m'bukumo zimasokoneza zomwe maso anaona. Kenaka tumizani zonsezi pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zomwe anthu aona, ndi ku komiti yoona za mbalame zosowa ya m'chigawocho.