Kupeka nyimbo ndi manotsi atatu okha

Achinyamata a kwaya ndimawapatsa manotsi atatu basi: do, re ndi mi. Kiyibodi ndimayamba ndaitseka, chifukwa ikakhala pafupi zala zimangoyendayenda, mtima osanena kanthu.

Yambani ndi mawu, mzere umodzi wokha. Uyankhuleni mokweza kangapo, mumve pomwe liwu lanu likukwera ndi pomwe likutsika. Chichewa chili kale ndi kamvekedwe kake, ndiye nyimbo itsate njira yomweyo. Mukakweza pomwe pakamwa pamatsitsa, agogo kumbuyo kwa tchalitchi samva zomwe mukuimba.

Kenako sankhani notsi imodzi yoti muiumire. Ine ndimabisa mi. Mizere itatu yoyamba izungulire pa do ndi re, mpaka omvera ayambe kutopa pang'ono. Mi atulukire pa liwu lomwe likukupwetekani kwambiri, ndipo mumukoke nthawi yaitali. Mukamutulutsa msanga, mwawononga.

Zotsalazo ndi za kayendedwe ka nyimbo. Bwerezani mzere womwewo koma muchedwe kulowa ndi kugunda kumodzi. Imbani monong'ona, kenako mokweza. Wotsogolera asiye mzere pakati, gulu limalize. Penapake khalani chete kugunda kuwiri kwathunthu. Oimba ambiri amaopa pamenepa, amathamangira kutsekapo.

Amene akukayika kuti zochepa zingakwane akaonere woimba Gasper Nali wa ku Nkhata Bay. Babatoni wake, chida choimbira chonga gitala wamkulu, ndi wa chingwe chimodzi, amaimba ndi botolo ndi kamtengo, ng'oma akuponda ndi phazi, koma anthu amavina.

Mukamaliza, jambulani pafoni, mumvere mawa lake. Pokhapo ndi pomwe mungaganize zoonjezera notsi ya so.