Momwe mungapezere mapepala a research pano ERIC itachepa mphamvu

Aphunzitsi anzanga amene mukuchita digiri kuno ku Kasungu, ambiri tinazolowera ERIC, database ya boma la America ya mapepala a research a zamaphunziro, yomwe inayamba mu 1966. Mu 2025 boma lawo linadula ndalama ndipo ERIC inalengeza kuti ichepetsa ma journal amene imalowetsa ndi pafupifupi 45 peresenti. Zakale zilipobe koma zatsopano zambiri sizikulowa. Chaka chomwecho webusaiti ya USAID yosungira malipoti, DEC ija, inatsekedwa, ndiye malipoti a kuwerenga m'makalasi oyambirira amene tinkadalira aja nawonso anasowa. Zimandiwawa, chifukwa ntchito imeneyo inachitika m'masukulu mwathu momwemuno.

Yambani ndi Google Scholar. Lembani mutu wanu m'Chingerezi, muwonjezere Malawi kumapeto. Mukaona PDF kumanja dinani pomwepo, ngati palibe musathawe, dinani "All versions" pansi pake chifukwa nthawi zambiri pepala lomwelo lomwe akugulitsa madola wolemba wake analiika ulere pa webusaiti ya yunivesite yake.

Kenako pitani pa AJOL, African Journals Online. Apa ndi pomwe ine ndimakhalitsa, paja supavaiza amafuna za kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo ngati zathuzi, osati za ku Texas zokhazokha. Mapepala ena pamenepo ndi olipira koma aulere ndi ambiri. DOAJ ndi CORE, mawebusaiti enanso opezerapo mapepala a research, ndi zaulere, yesaninso.

Lipoti la USAID ngati muli ndi linki yake yakale, ikopeni muiike mu Wayback Machine pa archive.org, yomwe imasunga makope akale a mawebusaiti, ena amatuluka ena ayi. UNESDOC ya UNESCO ndi Open Knowledge Repository ya World Bank zilinso ndi malipoti a maphunziro a Malawi.

Chomwe ambiri timaiwala ndi laibulale ya koleji yomwe tikuphunzirako. Imbani foni mufunse za Research4Life (pulogalamu yopezerapo ma journal olipira ulere kapena motchipa) ndi MALICO (bungwe la malaibulale a m'Malawi), Malawi ili m'gulu la mayiko opeza Research4Life ulere koma mumalowa kudzera ku sukulu yolembetsa, panokha sizitheka.

Zikakanika zonse, lemberani wolemba imelo yaifupi yaulemu yopempha kope. Ambiri amatumiza.

Chilichonse mwapeza chitani dawunilodi nthawi yomweyo, bandulo ya usiku imathandiza. Fayilo muipatse dzina la wolemba ndi chaka, muisunge mu foni komanso pa flash, osadikira kuti mudzaipezanso pa intaneti mwezi wamawa.