Injini ya turbo ikamasowa petulo mukaponda moto

Galimoto ya turbo yomwe mwaikweza boost (presha ya mpweya womwe turbo imakankhira mu injini) imatha kulira bwinobwino pagaraja, n'kuyendanso bwino m'tauni, koma mukangoponda moto mu giya yachitatu imayamba kudukiza ngati yatsamwa. Kawirikawiri ndiye kuti mpweya ukulowa wambiri koma petulo sakufika wokwanira. Mukamva zimenezi chotsani phazi msanga. Petulo akachepa boost ili pamwamba, m'silinda mumatentha kwambiri, injini imayamba kugogoda, ndipo pisitoni imatha kusweka kapena kubooka m'masekondi ochepa chabe.

Musathamangire ku Kaguvi Street kapena ku Gazaland, kogulitsa zipangizo za galimoto kuno ku Harare, kukagula pampu ya mafuta musanayeze. Pezani geji ya presha ya mafuta, muilumikize pakati pa fyuluta ndi fuel rail (paipi yogawira mafuta ku ma injector, omwe amapopera petulo mu injini). Chitani izi injini itazizira, panja pomwe pali mphepo, chozimitsira moto chili pafupi, ndipo zulani kaye fyuzi ya pampu n'kuliza injini mpaka izime yokha kuti presha ithe m'mapaipi.

Pa injini zokhala ndi paipi yobwezera mafuta ku thanki, monga SR20DET, 1JZ-GTE ndi EJ20, geji iwerenge pafupifupi 3 bar injini ikulira mutachotsa kapaipi ka vacuum pa regulator (kachipangizo kolamulira presha ya mafuta). Mukakabwezeretsa, presha itsike kufika cha m'ma 2.5 bar. Kanunkhizeninso kapaipiko: ngati muli petulo, labala ya m'kati mwa regulator yang'ambika. Mukapeza presha yakwera kupitirira muyeso injini ikungolira, makamaka mutangoika pampu yaikulu ngati Walbro 255, ndiye kuti regulator yakale ikulephera kubweza mafuta onse, kapena paipi yobwezera yapindika penapake.

Komatu kuyeza galimoto itaima sikokwanira. Ngakhale pampu yotopa imaonetsa 3 bar pamenepo, chifukwa injini ikumwa pang'ono. Ikani geji pomwe ingaoneke, kunja kwa galasi lakutsogolo, osalowetsa paipi ya petulo m'kati mokhala anthu. Wina ayendetse, wina ayang'ane geji, ndipo malo ake ndi pa dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto) kapena ku bwalo la mipikisano la Donnybrook, osati mumsewu wa anthu onse ngati Seke Road. Presha iyenera kukwera limodzi ndi boost, bar imodzi kwa bar imodzi. Boost ikafika 1 bar, geji ionetse 4 bar n'kukhala pomwepo mpaka rev ithe. Ngati singano sikukwera n'komwe, kapaipi ka vacuum kathothoka kapena kang'aluka. Ngati ikukwera kenako n'kuyamba kugwa rev ikamakwera, vuto lili kumbuyo: fyuluta, kasefa ka m'thanki, magetsi kapena pampu yeniyeniyo.

Yambani ndi zotchipa. Sinthani fyuluta, ndipo yakaleyo muidule muone zomwe zili m'kati. Dzimbiri ndi matope zikusonyeza kuti thanki ikufunika kutsitsa n'kutsuka, apo ayi fyuluta yatsopano itsekekanso posachedwa. Kenako yezani magetsi pa pulagi ya pampu injini ikulira. Ngati batire ikuonetsa 14 V koma pampu ikulandira 12 V, mawaya akale akudya magetsi panjira, ndipo pampu singatulutse mafuta omwe analembedwa pabokosi. Kusiyana kusapitirire 0.5 V. Kukapitirira, kokani waya wa 4 mm² kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi ya 20 A ndi relay yatsopano, waya wakale uja ungotsala woyatsira relay. Palani pomangira waya wa earth mpaka chitsulo chiwale. Mapampu ambiri abwinobwino amatayidwa chifukwa cha waya wowauka.

Magetsi akakhala bwino, tsegulani thanki. Kapaipi kakafupi kolumikiza pampu ndi chivindikiro kamavutitsa kwambiri pa galimoto zosinthidwa. Kayenera kukhala kolembedwa SAE J30R10, kopirira kumira m'petulo. Paipi wamba imafufuma, n'kung'aluka, ndipo mafuta amangobwerera m'thanki momwemo inu osaona dontho pansi. Chizindikiro chake china n'chakuti mukazimitsa injini presha imagwa nthawi yomweyo, ndipo galimoto imachedwa kulira. Kuti mudziwe mphamvu ya pampu, lozetsani paipi yobwezera m'chigubu, muyatse pampu kwa masekondi 30. Pampu ya malita 255 pa ola itulutse pafupifupi malita 2.

Nanga presha ikakhala bwino koma wideband (geji yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo) ikuonetsabe kuti mafuta akuchepa? Pa boost tikufuna lambda (muyeso wa kasakanizidweko) ya 0.78 mpaka 0.82, yomwe pa geji ya AFR (kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo) ndi 11.5 mpaka 12.0. AFR ikapitirira 12.5 siyani kuponda. Onani duty cycle ya ma injector (gawo la nthawi yomwe amakhala otseguka) pa kompyuta: ikadutsa 85 peresenti, achepa. A 370 cc omwe amabwera ndi SR20DET zambiri safika patali boost ikakwezedwa. Koma musaike aakulu popanda kukonzanso mapu a ECU (miyeso ya mafuta yomwe kompyuta ya injini imatsatira), chifukwa injini idzangomira m'mafuta. Silinda imodzi yokha ikaonetsa pulagi yoyera mbee, injector yake yatsekeka. Atumizeni onse akatsukidwe ndi kuyezedwa limodzi.

Pali ziwiri za kuno zomwe mapu ochokera ku Japan sazidziwa. Petulo wa ku Zimbabwe ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo mlingo wake umasinthasintha, nthawi zina mpaka E20 (ethanol 20 peresenti). Pa E20 injini imafuna mafuta ochulukirapo ndi pafupifupi 8 peresenti, ndiye pampu ndi ma injector omwe anali kale pamalire amagonja. Ethanol amasungunulanso litsiro lakale la m'thanki ndipo amakoka madzi galimoto ikakhalitsa osayenda. Chachiwiri ndi kutalika kwa malo. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pomwe mpweya ndi wopepuka. Mukatsikira ku Kariba kapena ku Beitbridge, boost yomweyo pa geji imalowetsa mpweya wambiri, ndipo galimoto yomwe inkakwanira ndendende kuno imakasowa mafuta kumeneko. Siyani mpata posankha pampu ndi ma injector.

Galimoto ikamadukiza pokhota pokha, thanki ili pansi pa kota, ndiye kuti mafuta akuthawa kasefa. Dzazani thanki kapena ikani surge tank (kathanki kakang'ono kosungira mafuta kuti pampu isasowe). Ndipo ngati presha ndi wideband zonse zili bwino koma ikudukizabe pa boost, siyani za mafuta muone mapulagi: chepetsani gap ifike 0.7 mm, kenako muyeze ma coil.