Mmene mungatsatire nyimbo za gulu la Can popanda kusokera

Gulu la Can linayamba mu 1968 mumzinda wa Cologne ku Germany. Nsanamira zake zinali anthu anayi: Holger Czukay pa besi, Irmin Schmidt pa kiyibodi, Michael Karoli pa gitala ndi Jaki Liebezeit pa ng'oma. Czukay ndi Schmidt anaphunzira kwa Karlheinz Stockhausen, katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany, pomwe Liebezeit anachokera ku jazi yoimba mosatsata malamulo. Amene akufuna kulidziwa bwino gululi ayambe wamvetsa kuti nyimbo zake zambiri sizinalembedwe kaye kenako n'kuimbidwa. Ankaimba kwa maola tepi ikuzungulira, ndipo pambuyo pake Czukay ankadula tepiyo n'kulumikiza zidutswa zomwe zinali ndi moyo. Nyimbo ya "Yoo Doo Right", ya mphindi pafupifupi 20, inadulidwa kuchokera pa kuimba kwa maola angapo.

Vuto loyamba mukumana nalo posaka pa intaneti. Dzina loti Can ndi lalifupi ndipo likubweretserani zinthu zosagwirizana ndi gululi, choncho lembani dzinalo pamodzi ndi dzina la chimbale kapena la mmodzi wa oimba. Kampani yomwe imasunga ndi kutulutsanso zimbale zawo ndi Spoon Records.

Musayambire pa Tago Mago, ngakhale kuti ndi chimbale chomwe anthu amachitchula kwambiri. Ndi chachitali, cha mbale ziwiri, ndipo mbale yachiwiri ili ndi "Aumgn" ndi "Peking O", momwe ng'oma zimasowa kwa nthawi yaitali n'kutsala mawu obuula ndi phokoso la makina. Ambiri amathawira pamenepo, osabwereranso. Yambani ndi Ege Bamyasi ya 1972, yomwe ili ndi nyimbo 7 ndipo imatha m'mphindi pafupifupi 40. Kenako pitani pa Future Days ya 1973, yodekha, yomwe mbali yake yachiwiri yonse ndi nyimbo imodzi. Mukazolowera khutu, bwererani ku Tago Mago ya 1971 ndi Monster Movie ya 1969.

Pomvetsera, khalani ndi kope ndipo pa chimbale chilichonse lembani zinthu zitatu: woimba mawu, malo ojambulira, ndi chaka chojambula, osati chotuluka chokha. Woimba mawu woyamba anali Malcolm Mooney wa ku America. Mu 1970 analowedwa m'malo ndi Damo Suzuki wa ku Japan, yemwe Czukay ndi Liebezeit anamupeza akuimba mumsewu ku Munich, ndipo Suzuki anachoka mu 1973. Chimbale cha Soundtracks cha 1970 chili ndi onse awiri, n'chifukwa chake chimamveka ngati magulu awiri osiyana. Tago Mago inajambulidwa m'nyumba yakale yachifumu ya Schloss Nörvenich, koma kuyambira pa Ege Bamyasi ankajambulira m'situdiyo yawo ya Inner Space ku Weilerswist, holo yomwe kale inali yoonetseramo kanema. Zaka ndizo zimasocheretsa ambiri. Delay 1968 inatuluka mu 1981 koma ndi nyimbo za nthawi ya Mooney. Rite Time inajambulidwa mu 1986 n'kutuluka mu 1989. The Lost Tapes ya 2012 ndi zojambula zakale za zaka zosiyanasiyana. Mukandandalika zimbalezi potsata chaka chotuluka, mudzaganiza kuti gululi linabwerera m'mbuyo pomwe silinatero.

Tsopano ntchito yeniyeni, yomwe ndi kumva pomwe tepi inadulidwa. Valani mahedifoni, sankhani nyimbo yaitali monga "Halleluhwah", ya mphindi 18, ndipo ulendo woyamba tsatirani ng'oma zokha. Liebezeit amagwira kugunda kumodzi osakusiya, ngati makina, ndipo kusintha kwake kumakhala kochepa kwambiri moti ukapanda kutchera khutu umakuphonya. Ulendo wachiwiri siyani ng'oma, mverani chipinda. Tepi ikadulidwa, kulira kwa chitsulo cha pa ng'oma kapena mungoli wa gitala umazimiririka mwadzidzidzi m'malo mofota pang'onopang'ono, kaphokoso kosisita ka tepi kamasintha mphamvu, ndipo nthawi zina chida chimene chinali kumanzere chimapezeka chasuntha. Lembani mphindi ndi sekondi pomwe mwamva zimenezi. Sikuti muzipeza zonse ayi. Wodula waluso amadula ng'oma yaikulu itangotsala pang'ono kugunda, kuti kugundako kubise cholumikiziracho, ndiponso amadula tepi mopendeketsa kuti pasamveke "ka". Pa liwiro lofala la m'masitudiyo, sekondi imodzi ndi masentimita 38 a tepi, choncho lumo linali ndi malo okwanira olowera pakati pa kugunda kuwiri.

Chifukwa chomwe kudulaku kunali kofunika chonchi n'chakuti mpaka pa Soon Over Babaluma ya 1974 ankajambula pa makina a njira ziwiri basi. Sikunali kotheka kukweza gitala kapena kutsitsa besi pambuyo pake. Aliyense ankayenera kumvera mnzake nthawi yomweyo. Pa Landed ya 1975 anapeza makina a njira 16, ndipo mukaimvera motsatizana ndi Future Days kusiyana kwake kuli poyera: mawu ndi oyera, zida zalekana bwinobwino, koma umodzi uja wachepa. Ena amangotaya zimbale zonse za pambuyo pa 1975, komwe ndi kuweruza mothamanga. Saw Delight ya 1977 ili ndi Rosko Gee pa besi ndi Rebop Kwaku Baah wa ku Ghana pa ng'oma zamanja, onse ochokera ku gulu la Traffic, pomwe Czukay anasiya besi n'kumaponya mawu a wailesi m'nyimbo.

Potsata ntchito zomwe anachita ndi oimba ena, musasake dzina la gulu, sakani dzina la munthu m'ndandanda wa omwe anaimba pa chimbale. Liebezeit mumupeza pa Before and After Science ya Brian Eno ndi pa Flammende Herzen ya Michael Rother, zonse za 1977, komanso pa Secret Rhythms ya 2002 ndi Burnt Friedman. Liebezeit ndi Czukay ali pa chimbale choyamba cha Eurythmics, In the Garden cha 1981, ndipo anajambula Full Circle ndi Jah Wobble. Czukay anatulutsa zimbale ziwiri ndi David Sylvian, mu 1988 ndi 1989. Onani chida chomwe chalembedwa pafupi ndi dzina, chifukwa pena munthu anaimba nyimbo imodzi yokha pa chimbale chonse.

Nkhani ya omwe anatengera kwa Can ndiyo imafuna kusamala, pakuti olemba za nyimbo amamata dzina la gululi pa chilichonse chokhala ndi ng'oma zobwerezabwereza. Umboni wolimba ndi wolembedwa pa chimbale: Kanye West anatapa chidutswa cha nyimbo ya Can ya "Sing Swan Song" n'kuchiika m'nyimbo ya pa Graduation mu 2007, ndipo The Jesus and Mary Chain anaimbanso "Mushroom". Wotsatira ndi wa maina: The Fall anatulutsa "I Am Damo Suzuki" mu 1985, ndipo mukaiika pambali pa "Oh Yeah" mudzamva komwe ng'oma zake zinachokera, komanso gulu la Spoon la ku Texas linatenga dzina ku nyimbo ya Can. Kufanana kwa kamvekedwe kokha ndi umboni wofooka. Apa ndi pomwe Can imasokonezedwa ndi Neu! ya ku Düsseldorf, yomwe ng'oma zake zimathamanga molunjika, mosiyana ndi za Liebezeit zomwe zimazungulira n'kumadumpha. Mukamva kugunda kolunjikako m'gulu lamakono, yambani mwafufuza ku Neu! musanalembe dzina la Can m'kope lanu.